Kuthokoza Onse Amene Munandigwira Mkono pa Kafukufuku wa Staufen

Sabata yatha ndinaima pamaso pa akuluakulu oyesa ntchito za ophunzira ndi kufotokoza kafukufuku amene ndakhala ndikuchita kwa zaka zinayi, ndipo iwo anaivomereza ntchitoyo. Ndalemba mawu awa kuti ndithokoze poyera anthu amene anandinyamula pa nthawi imene ndinatsala pang'ono kutaya mtima.

Kafukufukuyu anali wokhudza puloteni yotchedwa Staufen m'dzira la kantchentche ka zipatso, Drosophila melanogaster. Puloteni imeneyi imagwira RNA, imene imanyamula uthenga wa majini m'selo, ndi kuthandiza kuti uthenga wa jini ya oskar ukafike kumbuyo kwa dzira, kumene kumadzapangika maselo obereketsa, komanso kuti uthenga wa bicoid ukhazikike kutsogolo, kumene kumadzakhala mutu. Ikapanda kugwira ntchito, mluza supangika bwino. Ambiri mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene munthu angathere zaka zonsezi akuyang'ana tintchentche. Yankho langa ndi lakuti ifenso tili ndi Staufen m'maselo a ubongo, ndipo mapuloteni ena ogwira RNA amakhudzidwa ndi matenda oopsa: FMRP ikasowa munthu amabadwa ndi fragile X, matenda amene amachedwetsa kakulidwe ka nzeru, ndipo mu 2006 asayansi anapeza TDP-43 itaundana m'maselo a anthu odwala ALS, matenda amene amawononga mitsempha yoyendetsa minofu.

M'chaka chachitatu, makina osungiramo tintchentche pa madigiri 25 anawonongeka kumapeto kwa sabata popanda wozindikira. Lolemba m'mawa ndinapeza mabotolo akutentha, mphutsi zitaumira m'mbali mwa galasi, ndipo mitundu ya tintchentche imene ndinaikweretsa kwa miyezi yambiri inali itatha. Tintchentche sitisungika mufiriji mosavuta ngati mabakiteriya, choncho panalibe pena pokatenga.

Kwa aphunzitsi amene munkayang'anira ntchito yanga, zikomo chifukwa tsiku limenelo simunafunse kuti walakwa ndani, koma munakhala nane pansi kuwerengera nthawi yoyambiranso, podziwa kuti m'badwo umodzi umatenga pafupifupi masiku 10. Kwa ofufuza a m'malabotale ena amene munanditumizira mitundu yanu musanandionepo nkhope, ndilibe mawu okwanira. Ndikuthokozanso mayi amene mumatiphikira chakudya cha tintchentche, chifukwa munawonjezera mabotolo kwa milungu ingapo osadandaula, ngakhale kuti dzina lanu silidzaoneka pa pepala lililonse la zotsatira.

Anzanga awiri a mulabotale ndiwo anasenza gawo lolemetsa. Tatikazi tiyenera kupatulidwa tisanakwane maola 8 chitulukire m'zikwa kuti tisakwerane ndi tatimuna tosasankhidwa, ndipo iwo ankabwera mbandakucha ndi usiku kudzatigoneka ndi mpweya wa carbon dioxide, n'kumatisankha ndi kaburashi pa maikulosikopu, kuti ine ndipezeko tulo. Makolo anga ndi azibale, munandipirira pamene ndinkasowa pa zochitika za pabanja.

Mitundu yonse imene munandipatsa ili moyo. Ndaisiya m'manja mwa wophunzira watsopano, ndipo Lachisanu tidzaisamutsira limodzi m'mabotolo atsopano.