Tambala amene anadzola perefyumu wa ku Dubai

Perefyumu ndi katundu wovuta kugulitsa pa WhatsApp. Nsapato umajambula, chitenje umajambula, koma fungo silijambulika. Ukaika chithunzi cha botolo pa status anthu amathamangira kulemba kuti "zabwinotu izi, ndi zingati?", ukangotchula mtengo foni imangoti zii. Palibe amene amatulutsa ndalama pa chinthu chimene mphuno yake sinachivomereze. Choncho nditayamba geni ya mafuta onunkhira ndi ngongole ya ku banki m'khonde, mutu wanga unali pa chinthu chimodzi: ndifikitsa bwanji fungoli pamphuno za anthu a mu Lilongwe muno popanda kuwapatsa botolo lonse.

Katundu wanga amachokera ku Kariakoo, ku Dar es Salaam, amalowera pa boda ya Songwe, ndipo a ku Kariakoowo amamutenga ku Dubai. Si uja wopopera ayi. Ndi mafuta enieni opanda sipiriti, okhuthala pang'ono, ooneka mwagolide. Amene amayenda malonda kwambiri ndi oud. Oud weniweni amachokera mkati mwa mtengo wotchedwa Aquilaria, wa ku India ndi maiko a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, ndipo umatulutsa utomoni wonunkhirawo pokhapokha ukavulala n'kugwidwa ndi nkhungu. Ndi wodula moti gulu lathu lonse litasonkha masheya a mwezi mwina n'kungonyowetsa supuni. Wangayu ndi wongoyerekeza, wosakaniza kufakitale, koma kukakamira kokha amakakamira. Dontho limodzi pakolala, uchape malayawo, uwayanike, uwasite, iye ali pompo.

Ndinayamba ndi timapepala toyera tatitali tija amakununkhizitsa m'mashopu akuluakulu. Ine ndinkadula ndekha pa pepala la manila la mwana wanga. Vuto ndi loti ndinkatiika tonse m'chikwama chimodzi. Pochoka ku Area 25 tinkakhala mafungo asanu ndi limodzi, pofika m'tauni tonse tagwirizana kukhala fungo limodzi losadziwika mwini wake. Amene ndinkawapatsa nawonso sankadziwa kuti n'tachiyani. Mayi wina analembapo nambala ya foni. Kondakitala wina anathokoza mwaulemu, n'kukapinda pakati, n'kuyamba kuchotsera zotsalira m'mano. Komanso pepala limanama. Perefyumu ali ndi fungo loyamba limene limauluka pakangopita mphindi zochepa, ndiye pali lina lotsalira limene limadzuka pakapita maola, likatenthedwa ndi khungu la munthu. Pepala lilibe kutentha, lilibe thukuta la mu minibasi. Ndipo mphuno ikanunkhiza mitundu itatu kapena inayi imatopa, wachisanuwo kasitomala amangoti "onsewa ndi amodzimodzi", n'kumapita.

Ndiye ndinati ndizidontheza pamkono penipeni. Zinayenda bwino mpaka tsiku limene bambo wina wa mu ofesi ina ku City Centre anati akufuna kugulira akazi awo. Ndinawadontheza wa azimayi, wotsekemera wa vanila ndi maluwa, mkono uwu ndi uwu, kuti akafika kunyumba mayi akasankhe okha. Bambowo anaiwala kufotokoza pofika pakhomo. Usiku womwewo foni yanga inalira, ndipo mawu amene ndinamva kumeneko sindingawalembe pano, ena mwa inu ndinu a Chigwirizano.

Anzanga a geniyi anati ndigule timabotolo tagalasi tokhala ndi kampira pamwamba, ta 3 ml. Mafuta amenewa kwawoko amayezedwa ndi muyezo wotchedwa tola, umene m'botolo umakhala pafupifupi 12 ml, ndiye ka 3 ml ndi kota yake. Timabotoloto n'tokongola, sititayikira, fungo silithawa. Koma kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, kabotolo kopanda kanthu kanayamba kudula mwakuti kukagawa ulere kunali kudzibera wekha. Choopsa kwambiri n'chakuti 3 ml ya mafuta amene munthu amangodzola dontho limodzi imatha mwezi wathunthu. Imeneyo si sampulo, ndi mphatso. Ndinali ndi kasitomala wina wokhulupirika kwambiri amene sanagulepo kanthu chiyambire. Kabotolo kakatha ankabwera n'kunena kuti, "Uja sanandikhale bwino, tandiyesetsani winayo." Anayenda nawo mndandanda wonse mpaka kubwereranso poyambira. Makampani akuluakulu amadziwa chimene amachita akamagawa timabotolo ta 1 ml kapena 2 ml: kakukwanire masiku ochepa, anthu akuyamikire, kenako kathe uli pakati pokoma. Ndinaitanitsa timeneto, koma wonditengera katundu anabwerako n'kuti sanatipeze.

Nzeru imene inandigwetsa m'mavuto inachokera kwa alamu anga, ndipo izi ndikufuna zimveke bwino. Iwo anati, "Alamu, losheni ndi shampu makampani amagawa m'masacheti. Inu chikukuvutani n'chiyani? Gulani timachubu ta mafirizesi, muzithira, muzimanga." Sanandiuze kuti masacheti a makampani amakhala ndi nsalu ya aluminiyamu mkati, pamene pulasitiki wopyapyala mafuta onunkhira amamudutsa pang'onopang'ono. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala, osafika ma micron 60 kukhuthala kwake, mu 2015, khoti lalikulu la apilo linatsimikiza mu 2019, koma timachubu tanga ndinatipeza osatuluka thukuta. Lachisanu usiku ndinakhala pansi ndi sirinji, kuyeza 2 ml, kuthira, kumanga mfundo, kudula. Mbale inadzaza. Loweruka masana gulu la banki m'khonde linkakumana kwathu, amayi oposa makumi awiri, aliyense ndi chikwama cha ndalama. Msika woti wabwera wokha pakhonde.

Unali mwezi wa October, ndipo perefyumu sagwirizana ndi kutentha ngakhale dzuwa. Ndinaika mbaleyo mufiriji, pamalo okhawo amene panali mpata, pakati pa tomato ndi anyezi. Timapepala ta maina ndinati ndikapulintitsa m'mawa.

Sabata imeneyo kunyumba kunali apongozi anga, mayi awo a bambo a kwathu, ochokera ku Ntcheu. Anabwera ndi tambala wachikuda, mbatata ya kachewere, ndi chimfine choopsa chimene chinawatseka mphuno zonse ziwiri. Ndikutuluka m'mawa anati, "Pitani mwana wanga, za ndiwo za alendo musade nkhawa. Tambalayu ndimudziwa ndine."

Pobwerako fungo linandichingamira ndikadali pa kabaza, nyumba zitatu ndisanafike kwathu. Wakabaza anafunsa ngati kuli ukwati. Ine mumtima ndinasangalala, ndinati katundu wabwino amadziitanira yekha makasitomala. Amayi anali atayamba kale kufika, atakhala pamkeka, aliyense akuti, "Koma m'nyumba mwanu mukununkhira, mwapopera chiyani?" Ndinkangoyankha kuti dikirani tithane ndi za ndalama, ndili ndi kanthu ka aliyense.

Tinaponya masheya, obweza ngongole anabweza, ochedwa analipira chindapusa. Apongozi anatulutsa nsima, kenako poto wa nkhuku. Atavundukula, fungo linangoti guu, mpaka amayi a pampando anayetsemula. Msuzi unali wofiira bwino, wonyezimira, nyama yofewa. Mayi wina anapemphera pemphero lalitali lothokoza manja amene akonza chakudya.

Bambo a kwathu anapatsidwa mbale yawo poyamba, ntchafu ndi nthutumba, atakhala pampando pakhomo. Ndinawaona akutema nsima, kuviika, kuponya mkamwa. Anasiya kutafuna. Nkhope inakwinyika ngati amwa madzi a nimu, misozi ili lengelenge. Anayang'ana mayi awo, anayang'ana ine, anayang'ananso mayi awo. Ndiye poti munthu sangalavule ndiwo za mayi ake pamaso pa alendo, anameza.

"Zakoma, mwananga?"

"Zakoma, amayi. Mwathiramo chiyani?"

"Tomato, anyezi, mchere. Ndi mafuta."

Kumkeka nako zinthu zinali zitayamba. Amayi a pampando anali atagwira nthuli m'manja akuiyang'anitsitsa. Msungichuma, amene sataya chakudya ngakhale pa maliro, anayesanso kachiwiri kuti atsimikize, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Nkhukuyi ikuwawa, koma ikununkhira ngati bwana." Ine mwendo unali utayamba kale kulowera kufiriji. Mbale ija inalipo, yotsukidwa bwino, yovundikira. Mubini munali mulu wa timapulasitiki todulidwa mitu.

Ndinabwerera n'kugwada pafupi ndi apongozi. "Amayi, mafuta amene anali m'mbale mufiriji aja…"

"Ee, amenewo ndiye ndimafuna ndikuuzeni. Amene amakugulitsani mafuta ameneyo ndi wakuba. Kwathu chubu chimodzi umakazingira ndiwo n'kutsalako. Awa kachubu kamodzi timadontho tiwiri! Ndadula, ndadula, ndadula, mpaka zala kuwawa, mbale yonse kuti tambala mmodzi akazingike. Musadzagulekonso."

"Amayi, amene aja si ophikira. Ndi perefyumu."

Pakhonde panali zii, kenako wina anaphulika, ndipo gulu lonse linagwa nacho chikhakhali. Mlembi anagona chagada pamkeka buku la masheya lili pamimba. Apongozi okha ndi amene sanaseke. Anapukuta m'manja pachitenje, n'kundiyang'ana bwinobwino.

"Chinthu chili mufiriji. Chili pakati pa tomato ndi anyezi. Chili m'chubu cha mafuta. Mtundu wake ndi wa mafuta. Inu mumati nditani nacho, ndidzole?"

"Eya amayi, n'chodzoladi."

Apa ngakhale bambo a kwathu, amene anali kuseri akutsuka mkamwa, anamveka akutsamwa ndi kuseka.

Mwamwayi m'gulu mwathu muli namwino. Iye analanda mbale zonse, anafunsa aliyense kuti wameza zochuluka bwanji, analetsa zodzisanzitsa, n'kulamula kuti onse atsuke mkamwa, amwe madzi, ndipo amene amve zachilendo m'mimba asadikire, apite kuchipatala. Palibe anadwala, poti kuwawa kwake sikunalole munthu kupitirira nthongo ziwiri. Msungichuma yekha ndi amene anati akageya ankamva ngati walowa mu shopu ya ku Area 2. Alendo anadyera nsima soya pieces wa changu. Tambala tinayesa kupatsa galu wa aneba, ananunkhiza, anatiyang'ana, n'kubwerera kwawo. Tambalayo tinakamukwirira kuseri kwa bafa, ndipo malo amenewo mvula ikagwa amakumbutsabe.

Nkhani ya chindapusa inavuta. Malamulo a gulu lathu ali ndi chilango cha kuchedwa, cha kujomba, cha kulongolola pa nthawi ya msonkhano, koma mlembi anafufuza buku lonse osapeza ndime ya kudyetsa mamembala perefyumu. Anagwirizana kuti mwezi wotsatira ndidzaphikenso, ndipo mafuta adzabwera nawo okha.

Zowonongeka zinapitirira tambala. Poto ndinamukwecha ndi phulusa, mchenga, mandimu, koma mpaka pano ndi wotenthetsera madzi osamba basi. Chipande chamtengo chinamwa mafutawo mpaka mkati, tinachiponya pamoto, ndipo utsi wake unaitanitsa ana a mdera lonse. Pulasitiki uja nayenso anali atachita zake usiku wonse: majarini, mazira, madzi akumwa, zonse za mufiriji zinali za ku Dubai. Mwana wanga anabwera kuchokera kusukulu akudandaula kuti anzake akumunena kuti buledi wake wadzola.

Koma Lolemba m'mawa foni inayamba kulira. Amayi aja anapita kwawo zitenje, mawigi ndi zikwama zitamwa utsi wa m'poto, ndipo kutchalitchi Lamulungu anthu ankawafunsa kuti adzola chiyani. Dzina la perefyumuyo palibe ankalidziwa, timapepala ta maina tinali tikadali m'chikwama mwanga. Uthenga woyamba unali wa msungichuma: "Muli naye uja wa nkhuku? Ndisungireni wa 6 ml." Wachiwiri unachokera kwa munthu amene sindimudziwa n'komwe: "Akuti ndinu amene mumagulitsa Tambala." Ndinayesa kuwauza dzina lake lenileni lachiarabu, lolembedwa bwino pabotolo, koma palibe analigwira. Katoni yonse inatha ndi dzina la Tambala, ndipo ngongole ya ku banki m'khonde ndinabweza nthawi isanakwane.

Timabotolo ta 1 ml tinafika ulendo wotsatira, tagalasi, tokhala ndi dzina, ndipo timagona mu sutikesi yokiya pamwamba pa wadiropu. Alamu anga akuti nzeru inali yawo, ndiye akufuna botolo laulere. Apongozi chimfine chinatha atabwerera ku Ntcheu, ndipo atanunkhiza chitenje chimene anaphikira tsiku lija anaimba foni. Sanapepese za mafuta, sanafunse za poto. Anati amva kwa mwana wawo kuti malonda akuyenda chifukwa cha ndiwo zawo, ndiye pa botolo lililonse la Tambala pazikhala kangachepe kawo, nditumize pa foni mwezi ukatha. Anawonjezera kuti tambala uja anali wawonso, ndipo ameneyo tiwerengerana padera.