Mbewu ya makumba ndi tinyongolotsi ta pakhungu

Ine ndi mayi akunyumba timagulitsa mbewu ya nsomba kuno ku Zomba, cha ku Domasi. Tinayamba ndi damu limodzi la makumba, tikudyetsa madeya ndi kuthira manyowa a nkhuku kuti madzi abiriwire. Poyamba tinkagulitsa nsomba za ndiwo, koma alimi anzathu ambiri ankafuna tiana toti akaike m'madamu mwawo. Basi tinatembenukira komweko.

Chimene chinatsala pang'ono kutigwetsa si akuba kapena ng'azi. Chaka china tinagula makumba oswana kwa mlimi wina, ndipo pasanapite nthawi tiana tathu tinayamba kudzikhula m'mbali mwa hapa (kakhola ka neti kosungiramo tiana m'damu), zipsepse zitanyotsoka, thupi lonse lili mbuu ndi nanda. M'mawa uliwonse tinkayora takufa. Alangizi a za nsomba anapala khungu la kamodzi n'kuika pa maikulosikopu, ndipo ndinaona ndi maso anga tinyongolotsi taphwatalala tikudzikoka ndi kufupika. Dzina lake ndi Gyrodactylus. Sitifika n'komwe milimita imodzi, koma kumchira tili ndi mbedza ziwiri zazikulu ndi zina 16 zing'onozing'ono zomwe timakolera pa nsomba. Chinandizizira m'nkhongono ndi kaswedwe kake: sitiikira mazira, timabereka kamwana kamoyo, ndipo kamwanako kamabadwa kali kale ndi kena m'mimba. Nsomba zikathithikana, timangoyenda kuchoka pa ina kupita pa inzake. Palinso ena a mtundu wa Cichlidogyrus amene amakhala m'makha mwa nsomba za banja la chambo, koma iwo amaikira mazira.

Mankhwala ake tinawapeza pa golosale: mchere. Timaviika tiana m'beseni la madzi amchere kwa mphindi zochepa, maso ali pamenepo, kenako n'kutibwezera m'madzi abwino. Nsomba yobwera kuchokera kwina imayamba yakhala payokha. Khoka timaliyanika mpaka liume gwa, ndipo sitibwereketsa ngakhale kwa achibale, ena amadandaula ndithu. Tikakolola, damu timaliphwetsa, kuliumitsa padzuwa n'kuwaza laimu.

Mbewu yathu ndi yokwererako mtengo, ndipo sitibisa. Mlimi amene wakumba damu ndi khasu, mwina atakongola kubanki m'khonde, sayenera kunyamula matenda m'ndowa pamodzi ndi nsomba. Aliyense wogula timamuonetsa kasambitsidwe ka mchere asananyamuke, ndipo amene amachokera kutali monga ku Machinga timawauza kuti afike m'mamawa, dzuwa lisanawawe.