Mmene tinagulira nyumba ya co-op ku Upper West Side

Nyumba zambiri zakale zapamwamba za ku Manhattan, mumzinda wa New York, m'misewu ngati Park Avenue, Fifth Avenue ndi Central Park West, ndi za co-op. Chinyumba chonse chosanjikizanacho ndi cha kampani. Wogula amagula masheya a kampaniyo, n'kupatsidwa pangano lomulola kukhala m'gawo lake. Choncho amene ali ndi mawu omaliza si wogulitsa ayi, koma bodi ya anthu okhalamo kale.

Ine ndi akazi anga tinkafuna nyumba yomangidwa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse isanabuke, chifukwa cha makoma ake okhuthala, denga lalitali ndi zipinda zazikulu. Nyumba zotchuka za Beresford ya 1929 ndi San Remo ya 1930, zomwe anajambula Emery Roth, tinkangoziyang'anira patali, thumba silinkafikako. Tinapeza ina ya zaka za m'ma 1920 pa West End Avenue, yamtundu womwe amautcha classic six: pabalaza, chipinda chodyera, zogona ziwiri, khitchini, ndi kachipinda ka wantchito kuseri kwa khitchiniyo.

Titagwirizana mtengo, loya wathu anakawerenga maminitsi a misonkhano ya bodi ndi malipoti a zachuma a kampaniyo. Apa musaumirepo ndalama. Lamulo la mzinda wa New York limakakamiza nyumba zopitirira nsanjika 6 kuitana akatswiri odzaunika makoma akunja zaka 5 zilizonse, ndipo nyumba yazaka pafupifupi 100 sisowa pokonza. Ngati kampani ilibe ndalama zosungira, mtengo wake umagwera eni masheya, kuwonjezera pa maintenance ya mwezi ndi mwezi yomwe imalipira msonkho wa nyumba, ngongole ya kampani, magetsi a m'makonde ndi malipiro a alonda a pakhomo. Loya atakhutira tinasaina, n'kupereka chikole cha 10 peresenti chomwe anasunga ndi loya wa wogulitsa.

Ntchito yeniyeni inali board package, mulu wa mapepala opita ku bodi. Ejenti wathu anatipatsa fomu ya REBNY, bungwe la ochita malonda a nyumba ku New York, yolembapo chuma chonse ndi ngongole zonse, ndipo nambala iliyonse inkafunika pepala loichitira umboni: mapepala a msonkho a zaka zapitazo, masitetimenti a kubanki, kalata ya kuntchito, kalata ya banki yovomera kutikongoza, kalata ya mwininyumba yemwe tinkachita lendi. Kenako makalata a anzathu otichitira umboni kuti ndife anthu abwino kukhala nawo. Mabodi ambiri amafuna kuti ulipiretu 20 kapena 25 peresenti ya mtengo, zolipira zako za pamwezi zisapitirire pafupifupi 30 peresenti ya zomwe umapeza, ndiponso utsale ndi ndalama zokwanira kulipira ngongole ndi maintenance kwa chaka chimodzi kapena ziwiri ukatha kugula. Ku Park Avenue ndi Fifth Avenue kuli nyumba zina zosalola ngongole n'komwe. Bambo aakazi anga anatithandizako ndalama, ndiye nawonso analemba kalata yotsimikiza kuti ndi mphatso, si ngongole. Kuvumbula thumba lako lonse kwa anthu omwe uzikakumana nawo m'chikepe tsiku lililonse n'kowawa, koma njira ina palibe.

Bodi ikakuitana, ndiye kuti mapepala yawakonda. Zimafanana ndi kukaonekera kwa eni mbeta: uvale bwino, uyankhe chomwe wafunsidwa, usachulutse gaga. Ejenti anatichenjeza kuti tisatchule zogumula makoma kapena kufunsa ngati tingadzachititse lendi. Anatifunsa za ntchito, za alendo, ngati wina amaimba piyano, komanso ngati tizikhalamo chaka chonse. Ena amauzidwa kubwera ndi galu wawo kuti amuone khalidwe.

Chondinyansa pa dongosololi n'chakuti bodi ikhoza kukukana osanena chifukwa. Malamulo amaletsa kusala munthu chifukwa cha khungu, chipembedzo kapena dziko lomwe akuchokera, koma ngati chifukwa sichinenedwe, utsimikiza bwanji? Kutchuka nakonso sikuthandiza. Madonna anakanidwa ku San Remo mu 1985, ndipo bodi ya nyumba ya Dakota inakana Antonio Banderas ndi Melanie Griffith. Ukakanidwa chikole chimabwezedwa, bola usakhale kuti unanama kapena kubisa kanthu, koma ndalama za loya ndi za mafomu zapita.

Yankho lathu linabwera kudzera kwa kampani yoyendetsa nyumbayo: tavomerezedwa. Tsiku lomaliza tinalipira mansion tax, msonkho woyambira pa 1 peresenti nyumba ikafika madola 1 miliyoni, womwe umakwerakwera mpaka 3.9 peresenti pa nyumba za madola 25 miliyoni. Wogulitsa ndiye analipira flip tax, ndalama yomwe kampani imalandira masheya akagulitsidwa. Msonkho wolembetsera ngongole ya nyumba sitinalipire, poti pamaso pa lamulo tinagula masheya. Satifiketi ya masheyayo ndi pangano lokhalamo anatenga ndi a banki, azisunga mpaka ngongole idzathe.

Posamuka katundu anadzera chikepe chakuseri, pakati pa sabata, masana okha, titapereka kale chikole cha zowonongeka. Khitchini sitinaigwirebe: mapulani ake ali kwa katswiri wa zomangamanga wa bodi, ndipo kalata yake tikuidikira.