Loweruka losankha kasinja

Dedza, Loweruka.

Kwacha kozizira, nkhungu itakuta phiri mpaka cha m'ma 9 koloko. Ndikuwotha moto kukhitchini, foni yayamba kulira mosalekeza. Ndi msuweni wanga wa ku Joni, ali m'sitolo ya zidole zomanga wekha, akutumiza zithunzi za mabokosi pa WhatsApp. "Asuweni, sankhani msanga. Basi ndikukwera Lachiwiri, ndipo kuno sindibwereranso."

Kwa amene simunazionepo: awa ndi akasinja a nkhondo ang'onoang'ono a pulasitiki. Amabwera m'bokosi ali tizidutswa togwirana pa timafelemu, iwe n'kumadula kamodzikamodzi, kupala, kumata ndi guluu, kenako kupenta. Kuno ku boma sungawapeze, n'chifukwa chake munthu akamachokera ku Joni timamugwira mwendo.

Nkhani ya kukula sinanditengere nthawi. Pamabokosi pamalembedwa 1/35 kapena 1/72. Pa 1/35, sentimita imodzi ya chidole ikuimira masentimita 35 a kasinja weniweni, choncho kasinja wa Amereka wotchedwa Sherman, wa pafupifupi mamita 6, amatuluka masentimita 17. Pa 1/72 yemweyo amangokwana 8. Msuweni amakankhira ku 1/72, ati ndi wotchipa komanso bokosi lake lilowa m'chikwama popanda kuphwanyika pa ulendo wodutsa ku Tete mpaka pachipata cha Dedza. Zoona, koma tizidutswa take tina n'tochepa moti tikagwa pansi ndiye tapita, ndipo ine ntchitoyi ndimaigwira madzulo, nthawi zina ndi nyali ya sola magetsi akathima. Ndati 1/35. Muyeso umenewu anautchukitsa ndi a kampani ya zidole ya Tamiya a ku Shizuoka, ku Japan, kuyambira pa kasinja wawo wa mtundu wa Panther wa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, yemwe anamupanga kukula choncho kuti mabatire akwane m'kati.

Vuto linali pa mtundu wa kasinja. Mwana wanga wamwamuna, yemwe anali atandikwera kale paphewa, analoza Tiger. Sindikumunena, chithunzi cha pabokosipo n'chokopa: chimfuti cha mamilimita 88, utsi kumbuyo. Ajeremani anapanga akasinja amenewa 1,347 okha pakati pa 1942 ndi 1944, koma m'masitolo a zidole ndi amene amadzaza mashelefu. Ndamuuza msuweni ajambule m'mbali mwa bokosi. A Tiger oyambirira anali ndi mawilo 24 mbali iliyonse, olowanalowana, ndipo lililonse limafuna kuti mphira wa m'mphepete upentedwe wakuda ndi burashi. Kuwonjezera apo, matcheni oyendera a m'bokosi limenelo ndi omata kachidutswa kamodzikamodzi. Mwana amene akuloza leroyu sadzakhalapo pa wilo la 30. Ndakana.

Sherman ndinatsala pang'ono kumutenga. Mtundu ndi umodzi, wobiriwira moderako, ndipo Amereka anapanga oposa 49,000, kotero palibe angakuuze kuti wako sakufanana ndi weniweni. Ndinali nditayamba kale kulemba uthenga pamene amalume anaodira pakhomo.

Achokera cha ku Lizulu ndi thumba la kabichi, akupita kuchipatala kukaona mnzawo. Atamwa tiyi anafunsa chomwe tikuunjikirana pafoni. Nditawafotokozera anaseka mpaka kutsokomola. "Mwanawe, ndevu zonsezi, zidole? Ndalama zake si ungagule feteleza?" Mayi a kunyumba, ali kuseri, anavomera mokweza kuposa mmene zimafunikira.

Koma foni sanabweze. Anapitiriza kusuntha zithunzi ndi chala mpaka anaima pa bokosi lina lomwe ine ndinalidumpha. "Uyu ndikumudziwa," anatero. "Mutu wake ngati m'phika wovundikira. Ndinamuona atapsa m'mbali mwa msewu wa ku Tete nkhondo itangotha, ana akusewera pamwamba pake."

Linali bokosi la T-55, la Tamiya lomwe. Ndipo amalume sanaphonye. Asilikali a boma la Frelimo ankagwiritsa ntchito akasinja ochokera ku Soviet Union, T-34 wakale uja komanso T-54 ndi T-55, ndipo mutu wozungulira chonchi ndi wa awiri omalizawa, poti wa T-34 uli ndi ngodya. Ndinakuza chithunzi n'kuwaonetsa chizindikiro china: mawilo akuluakulu asanu mbali iliyonse, pakati pa loyamba ndi lachiwiri pali mpata woonekeratu. Iwo za mawilo sanazisamale. Anali atalowa kale m'nkhani.

Ife amene tinali ana nthawi imeneyo timangokumbuka zidutswa. Nkhondo ya ku Mozambique inayamba mu 1977 n'kutha ndi mgwirizano womwe anasainirana ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Anthu othawa nkhondo amene analowa m'Malawi anafika pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo Dedza ndi Ntcheu anali m'gulu la maboma omwe analandira ambiri. Chifukwa chake aliyense wodutsa pa M1 amachiona: kuyambira cha kuno mpaka kufupi ndi Ntcheu, malo ambiri msewuwo ndiwo malire. Ukawoloka phula uli ku Mozambique. Amalume akuti tsidya linalo masitolo anali mabwinja, makoma ali zibowo za zipolopolo, pamene tsidya lino anthu akugulitsa tomato. Othawawo ambiri anali Achewa ndi Angoni anzathu, ena achibale enieni, moti kwa agogo kunakhala banja lina zaka zingapo, likulima dimba limodzi ndi ife. Atchula mayina a anthu omwe ine ndinawaiwala kalekale, ena anabwerera kwawo, ena anakwatiwa konkuno.

Sindinafunenso kuganiza. Tiger ndi Sherman anamenya nkhondo zomwe ndimangoziwerenga, pamene uyu anafika dera loti kabaza akhoza kukufikitsa. Komanso kumbali ya ntchito ndi wachifundo: mawilo ochepa, mtundu umodzi wobiriwira, matcheni ake ndi lamba wofewa wongolumikiza nsonga. Palibenso kasinja amene anapangidwa wambiri padziko lonse kuposa banja la T-54 ndi T-55, ndiye zithunzi zoonera popenta zili mbwee pa intaneti.

Ndamulembera msuweni kuti atenge ameneyo, awonjezere guluu wa pulasitiki wamadzimadzi uja. Supa guluu wa pagolosale ayi, amauma usanawongole chidutswa ndipo amasiya zoyera m'mphepete, pamene winayu amasungunula pulasitikiyo pang'ono kuti zidutswa zigwirane zokha. Penti ndapempha wa acrylic, wosungunula ndi madzi, timabotolo ta wobiriwira, wakuda ndi wofiirira wa dzimbiri. Wa enamel amafuna thina, amanunkha, ndipo ndi kuzizira kwa kuno angandigoneke masiku ndikudikira kuti aume. Zodulira sindinapemphe. Chowengera zala ndi lezala zimagwira ntchitoyo, chopalira ndidzabwereka kwa mayi a kunyumba akadzakhala kuti akondwa. Zomata za manambala ndi mbendera za m'bokosi sindidzaikapo. Ndikufuna adzaoneke wotopa, wafumbi, ndipo fumbilo ndidzasefa dothi lofiira la kuseri kwa nyumba.

Amalume ponyamuka anandiuza kuti ndikadzamaliza ndidzapite naye kumudzi akamuone, ndipo ndisadzamupente wonyezimira chifukwa amene anamuona iwo anali wadzimbiri mpaka kumfuti. Za feteleza sanazitchulenso. Ndawaperekeza mpaka pamsewu.

Madzulo nkhani inali ya malo ogwirira ntchito. Tebulo la pabalaza akuti ndi lodyera, ndipo fungo la guluu sakulifuna pafupi ndi nsima. Tagwirizana kuti nditenge chitseko chakale chija chili m'stolo, ndichikhazike pa njerwa pafupi ndi windo la kuchipinda. Mwana wapatsidwa udindo wopenta migolo iwiri ya mafuta ya kumbuyo kwa kasinja, ndipo wagona akufunsabe ngati Tiger adzabwere pa Khirisimasi.