Ulendo wa ku Lilongwe: zimene tinaona pa chionetsero cha nthabwala ndi nyimbo za rock

Gulu lathu la zisudzo kuno ku Dedza likufuna kupeza ndalama zogulira madesiki a ana a sitandade 1 ndi 2 amene mpaka lero amaphunzira atakhala pansi. Anzathu ena a ku Lilongwe, amene anazolowera kukonza zionetsero zachifundo, anatiitana kuti tikaone m'mene iwo amachitira. Tinanyamuka Loweruka m'mamawa pa minibasi, kudzera pa Nathenje, ndipo anatichingamira pa depoti.

Holo tinaipeza ili yakaliyakali. Anyamata a bandi amayesa magitala amagetsi, ndipo phokoso lake linawadzidzimutsa amayi msungichuma athu mpaka anagwira m'makutu. Ife makutu athu anazolowera reggae ya Black Missionaries ndi nyimbo zauzimu, kotero tinkakayika ngati anthu angalipire pakhomo kudzamvera rock. Anabwera ndithu, ambiri mwa iwo achinyamata a m'makoleji, komanso azibambo ndi azimayi amene anatsata dzina la wanthabwala.

Tikudya nsima masana, mkulu wa gulu lawo anatifotokozera kumene njira imeneyi inachokera. Ku London, a zanthabwala monga John Cleese anayamba m'chaka cha 1976 kuchita zionetsero zothandiza bungwe loteteza ufulu wa anthu la Amnesty International. Pofika 1981, pa zionetsero zomwezo pamaimbanso oimba monga Sting, Eric Clapton ndi Bob Geldof. Geldof yemweyo ndi amene pa 13 July 1985, pamodzi ndi Midge Ure, anakonza chionetsero cha nyimbo cha Live Aid ku Wembley ndi ku Philadelphia pofuna kuthandiza anthu amene anavutika ndi njala ku Ethiopia. Chaka chomwecho Richard Curtis ndi Lenny Henry anayambitsa bungwe lachifundo la Comic Relief. Koma mkuluyo anatsindika kuti luso la kuseketsa anthu uku ukuwauza zoona si lobwereka: Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, anatiphunzitsa kalekale.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi ntchito ya wanthabwala. Ine ndinkayesa amangobwera kudzapumitsa oimba. Ayi, ndiye amene wagwira chionetsero chonse. Bandi ikamaliza nyimbo zitatu, anyamata amafuna mphindi zingapo kusintha zingwe ndi kukonza ng'oma, ndipo nthawi imeneyo ndi imene anthu amatulukira panja osabwereranso. Iye amangolumphira pa nsanja n'kuyamba kutsanzira kondakitala amene akukana kubweza chenji. Holo yonse kugwa ndi phwete. Anthu akadali kupukuta misozi ya chiseko, anatsitsa mawu n'kufotokoza za amayi odikirira odwala kuchipatala, amene amagona pakhonde ndipo ufa ndi nkhuni zimawathera m'bale wawo asanachire. Kenaka mabeseni anayamba kuyenda m'mizere ngati perekaniperekani wa paukwati, bandi ikuimba chapansipansi. Mnyamata wina pafupi ndi ine anapisa m'thumba, n'kutulutsa K1,000 yopindapinda, n'kuiwongola bwinobwino pa bondo asanaiponye.

Usiku wonse sindinamve nthabwala ngakhale imodzi yoseka odwala kapena umphawi wawo. Amaseka ife amene tili bwino, kuuma manja kwathu ndi matama athu. Zimenezi ndikuzitchula dala chifukwa m'zisudzo zathu timakonda kuseketsa anthu ndi munthu wolumala kapena wachibwibwi. Tikakachita zimenezo pa chionetsero cha madesiki, makolo a anawo adzakhala ali m'holo momwemo, ndipo tidzawachititsa manyazi.

Magetsi anathima pakati pa nyimbo. Jenereta isanalire, wanthabwala anapitiriza ndi pakamwa pokha anthu akuwalitsa mafoni, ndipo palibe anasuntha.

Mbali yowawa ndi ya ndalama. Anatiuza poyera kuti holo, zokuzira mawu, mafuta a jenereta ndi mayendedwe a oimba zikhoza kumeza zonse za pakhomo. N'chifukwa chake amayamba apeza wamalonda wolipira holo ndi zida asanalengeze tsiku, ndipo oimba amangolandira ya thiransipoti. Nambala za Airtel Money ndi Mpamba anazilemba pa nsalu kumbuyo kwa bandi kuti amene alibe ndalama m'manja asasowe popereka. Potseka, anthu atatu, mmodzi wosankhidwa mwa oonerera, anawerenga ndalama patebulo pamaso pa aliyense, n'kulengeza zimene zalowa, zimene zatuluka ndi tsiku lokapereka ufa ndi sopo. Amayi msungichuma athu anakopera ndondomeko yonseyo m'kope lawo.

Pobwerera Lamulungu tinagwirizana zoti tibweretse ku msonkhano wa gulu. Rock yokhayokha kwathu kuno singadzaze holo, choncho tikufuna bandi yosakaniza gitala wamagetsi ndi ng'oma zathu. A wapampando akalankhula ndi eni magolosale a pa boma za ndalama ya holo, ndipo kalipentala atipatse mtengo wa desiki imodzi kuti podzapempha tidzanene chiwerengero chenicheni. Anzathu a ku Lilongwe alonjeza kutibwereka zokuzira mawu, bola tiwadziwitse tsiku kudakali mwezi wathunthu.