Chiboliboli cha m'myuziyamu n'chosamuka

Za zizindikiro zimene timadziwira oyera mtima pa ziboliboli, monga makiyi a Petulo, lupanga la Paulo ndi mwana wankhosa wa Yohane M'batizi, sindibwerezanso, ambiri tinaloweza kalekale. Chimene chatsegula mutu wanga pambuyo povutika nthawi yaitali n'china: ziboliboli zambiri zachikhristu zimene timaona m'myuziyamu n'zosamuka. Sanazisemere pamenepo. Anazizula paguwa, pachipilala kapena pansanja ya belu, n'kuzikhazika molingana ndi maso athu, pansi pa getsi, kutsogolo kwa khoma loyera. Mukangogwira mfundo imeneyi, zambiri zimene mumayesa kuti wosema anaphonya zimayamba kumveka.

Taonani Maliko Woyera amene Donatello, wosema wa ku Italy, anasema kuyambira 1411 mpaka 1413, woti akaime pakhoma lakunja la tchalitchi cha Orsanmichele ku Florence. Mukamuyang'ana maso ndi maso, mutu ndi waukulu, thunthu lalitali, miyendo yaifupi. Munthu wodutsa mumsewu ankamuona cham'munsi, ndipo chinthu ukachiyang'ana cham'munsi mbali yakumwamba imafupika. Donatello anawonjezera dala chimene mtunda udzadye. N'chimodzimodzi mneneri wadazi wa Donatello yemweyo, yemwe amamutcha Zuccone, amene tsopano ali m'myuziyamu ya Museo dell'Opera del Duomo ku Florence: maso okumbika kwambiri ndi kamwa loyasama pang'ono zimaoneka zaukali mukakhala pafupi, koma anamusemera nsanja ya belu, kumene mizere yosalala ikanangosowa.

Ndiye njira yake ndi iyi, ndipo kwa ine palibe ina yoiposa. Choyamba imani kutsogolo, mamita atatu kapena anayi. Kenako nyonyomalani mpaka maso anu afike pafupi ndi mapazi a chibolibolicho, muyang'ane m'mwamba. Onani ngati nkhope yoweramayo yakumana nanu. Mukatero zungulirani kumbuyo, kapena suzumirani cham'mbali ngati achigunditsa kukhoma. Kumbuyo ndiko kumaulula zonse. Ziboliboli zamtengo za ku Germany za m'ma 1400 ndi 1500, zambiri za mtengo wa linden kapena oak, zili ndi mphako kumsana. Ankakumba mtima wa chipikacho chifukwa mtengo ukamauma kunja kumafota msanga kuposa m'kati, ndiye umang'aluka. Mphako ikukuuzaninso kuti msanawo sunali woti anthu aziuona: chinkaima chotsamira khoma kapena m'bokosi la guwa.

Muyang'anenso timabowo ta tizilombo tofumbula mtengo. Kabowo kozungulira ndi potulukira chabe. Koma mukaona tinjira totseguka tikuyenda pamwamba pa tsaya kapena pa chovala, dziwani kuti wina anapala. Tizilomboti timayenda m'kati, pansi pa utoto. Tinjira tawo timaonekera pokhapokha chophimbacho chitachotsedwa. Chifukwa zambiri mwa ziboliboli zimene lero zili mbee mtengo wokhawokha zinali zopakidwa: nsalu yomatidwa pamfundo, pamwamba pake choko chosakaniza ndi guluu wa zikopa kangapo konse, kenako utoto, ndipo poika golide ankayamba ayalapo dothi lofiira. M'makwinya a chovala ndi kuseri kwa khutu ndimo mumatsalira tizidutswa. Maria Magadalena wa Donatello, wamtengo wowonda uja, anthu ankamudziwa ngati wakuda bii. Atamukonza pambuyo pa chigumula cha mtsinje wa Arno ku Florence mu 1966 anapeza golide m'tsitsi lake.

Chondinyansa n'chakuti izi saphunzitsa. Aphunzitsi amathera maola ambiri pa mayina, zaka ndi kusiyanitsa mitundu ya kamangidwe ndi kasemedwe ya Romanesque ndi Gothic, zithunzi zonse zojambulidwa kutsogolo, pamalo amene wopemphera sanaimepo n'komwe. Timapepala ta pakhoma natonso timangonena dzina, chaka ndi mtundu wa mtengo. Woperekeza alendo amakupatsani mphindi ziwiri, gulu lanyamuka. Chiboliboli chimodzi chimafuna mphindi 15. Zinayi pa tsiku zakwana, zinazo muzidutse osadzimvera chisoni.

Komabe pali pomwe njirayi imandithawa. Röttgen Pietà ya ku Bonn, chiboliboli cha Maria atanyamula mtembo wa Yesu cha m'ma 1300, ndi yosakwana n'komwe mita imodzi, koma mutu wa Yesu ndi waukulu mopitirira thupi, nthiti zili pamtunda, mabala atupa magazi. Apa mtunda sukufotokoza kanthu; wosema ankafuna munthu amve kuwawa, basi. Nanga Tilman Riemenschneider, wosema wa ku Germany? Guwa lake la ku Münnerstadt analimaliza mu 1492 osapaka utoto, eni tchalitchi n'kudzaitana mmisiri wina, Veit Stoss, kuti alipake patapita zaka zoposa khumi, pambuyo pake ena n'kudzapalanso. Magadalena wa paguwali ali ku Munich lero. Ndikanyonyomala pamaso pake ndiyenera kumuona ngati mmene wosema anamusiyira, kapena mmene anthu ankamupempherera? Ndipo kunyonyomala pansi pa getsi si kugwada pa kuwala kwa kandulo. Mwina ndikungopeza ngodya yolondola, china chonse chinatsala kutchalitchi.