Kodi fosifolasi amasowera kuti mu dothi la laimu?

Sabata yathayi mu labotale tinadontheza asidi pa dothi lotuwa, ndipo linachita thovu nthawi yomweyo. Thovu limenelo limasonyeza kuti m'dothimo muli calcium carbonate, yemwe ndizingomutchula kuti laimu. Dothi lotere pH yake (muyeso wa asidi: nambala ikamakwera, asidi amachepa) imakhala pakati pa 7.5 ndi 8.5, pamene fosifolasi, chimodzi mwa zakudya zimene mbewu zimayamwa m'dothi, amapezeka bwino ku mizu pa pH ya 6 mpaka 7.

Ndinalowa m'phunziroli ndili ndi yankho kale m'mutu: laimu ndiye amalanda fosifolasi, basi. Mbali ina n'zoona. Mbulu ya fetereza ikasungunuka, madzi oizungulira amadzaza ndi fosifolasi, ndipo kashiamu wa mu laimu amamugwira n'kupanga mchere wotchedwa dicalcium phosphate. Ameneyu mbewu zimathabe kumuyamwa. Koma miyezi ikamapita amasanduka octacalcium phosphate, kenako hydroxyapatite, mchere wofanana ndi wa m'mafupa ndi m'mano athu. Akafika pamenepo, muzu wa chimanga ungadutse pambali pake osapezapo kanthu. Zimandiwawa kuganiza kuti mlimi wagula thumba la fetereza movutikira, koma gawo lalikulu la fosifolasi wake likuuma pang'onopang'ono pansi pa mapazi ake.

Chimene chinandisintha maganizo ndi ayironi. Kafukufuku wa José Torrent ndi anzake ku Córdoba, m'dziko la Spain, anaonetsa kuti fosifolasi akakhala wochepa m'madzi a m'dothi, amene amamugwira kwambiri ndi tinthu ta ayironi tonga dzimbiri, monga goethite ndi ferrihydrite, osati laimu ayi. Tinthuti timakhala tochepa, koma n'tosalala kwambiri ngati fumbi, choncho malo ogwirirapo ndi ochuluka. Ine ndinkaganiza kuti nkhani ya ayironi ndi ya katondo wofiira wa kumtunda yekha, kumene dothi lili ndi asidi. Kani ngakhale m'dothi lochita thovu alimo, ndipo akugwira ntchito yomweyo. Laimunso si kuchuluka kwake kokha kumene kumawerengedwa: wofumbutuka amagwira fosifolasi wambiri kuposa wa timiyala.

Pamenepa ndinamvetsanso chifukwa chake aphunzitsi athu amaumirira njira ya Olsen, ya mu 1954, poyeza fosifolasi amene mbewu zingayamwe m'dothi lotere. Njirayi imagwiritsa ntchito sodium bicarbonate wa pH 8.5. Ukayeza ndi njira ina ya Bray, yogwiritsa ntchito asidi, asidiyo amathera pa laimu, ndipo zotsatira zimakunamiza.

Kumunda zikutanthauza chiyani? Fetereza womwaza amakhudzana ndi dothi lambiri, ndiye amagwidwa msanga. Wobaya pafupi ndi phando amakhalitsako. Fetereza wotchedwa MAP (monoammonium phosphate) amabweretsa asidi pang'ono pamalo pamene wagwera, kotero amayenera dothi la laimu kusiyana ndi ufa wa miyala ya fosifeti, umene pa pH yokwera susungunuka. Manyowa ndiwo andisangalatsa kwambiri: akamawola amatulutsa timaasidi tolimbirana malo ndi fosifolasi pa ayironi, komanso timachedwetsa kuuma kuja.

Kwathu kuno madothi okhala ndi laimu amapezeka m'chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Ndapempha kuti pa ntchito yanga yomaliza ndiyeze makande a kumeneko, ndione ayironi ndi laimu aliyense payekha, dothi lina lothira manyowa, lina losathira.